Tinayala buku la Achebe pambali pa mbiri ya Nigeria

Buku la Chinua Achebe lotchedwa A Man of the People limatha ndi asilikali akulanda boma. Linatuluka mu Januwale 1966, ndipo pa 15 mwezi womwewo asilikali a ku Nigeria anagwetsadi boma la anthu wamba. N'chifukwa chake ambiri amalitenga ngati ulosi. Ine ndinaphunzitsa mbiri ku sekondale mpaka kupuma, ndipo pano Loweruka masana ndimakhala ndi kagulu ka achinyamata omwe anamaliza Fomu 4 koma mwayi sunawagwerebe. Timawerenga mabuku m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Pa mabuku onse amene tawerenga, ili ndi limene linautsa mkangano wokoma, ndiye ndati ndifotokoze mmene tinayendera, mwina mphunzitsi wina kapena munthu amene ali ndi gulu lotere angatolepo kanthu.

Choyamba, za Januwale 1966 sindinawauze. Mukangoyamba ndi kunena kuti bukuli linalosera, mwana amathamangira kumapeto kukaona ulosiwo, pakati ponse n'kumangodumpha, chonsecho nyama ili pakatipo. Mabuku anali ochepa, choncho tinkawerenga mokweza mosinthana. Konzekerani kuti anthu ena m'bukumo amalankhula Chingerezi cha mumsewu cha ku West Africa. Pa pepala chimaoneka chovuta, koma wina akachiwerenga mokweza khutu limachigwira, ndipo kuseka kumayambira pomwepo.

Wofotokoza nkhani ndi Odili Samalu, mphunzitsi wachinyamata. Chief Nanga, amene anamuphunzitsa ali mwana, tsopano ndi nduna ya zachikhalidwe, ngakhale kuti pa chionetsero cha mabuku akulephera kumuzindikira mlembi wotchuka wa dziko lake lomwe. Amakhala m'nyumba ya boma ya zipinda zogona 7 ndi mabafa 7. Akulimbana kuti msewu wa kwawo uthiridwe phula chisankho chisanafike, osati chifukwa chokonda anthu ake, koma chifukwa waitanitsa mabasi ake oti aziyenda mumsewumo. Mudzi wa Odili ukaonetsa kuti ukufuna kuvotera mwana wawo, yemwe akupikisana ndi Nanga pa chisankho, galimoto za boma zimabwera kudzatola mapaipi a madzi amene anali atatsitsidwa kale, ndipo mudziwo umabwerera kwa Nanga mwamsanga.

Titafika pa mapaipiwo chipinda chonse chinangoti phokoso. "Aphunzitsi, bambo ameneyu timamudziwa!" Aliyense anali ndi dzina la kwawo loti atchule, ine n'kuletsa: mayina ayi, nkhani zokha. Mtsikana wina anasimba za mapolo a magetsi amene anatsitsidwa m'mudzi mwawo kutatsala pang'ono kuvota. Ana ankakhalapo madzulo, amayi n'kumayanikapo zovala, mpaka chiswe chinayamba kuwalawa. Zotsatira zitatuluka, lole inabwera m'mawa wina n'kuwanyamula onse. Anasimba akuseka, koma anzake ena sanaseke.

Pali kachigawo koyambirira kamene achinyamata amakadutsa msanga, pomwe ife achikulire timaima. Mtengo wa khofi wagwa, nduna ya zachuma, Dr Makinde, ikulangiza kuti alimi azipatsidwa ndalama zocheperapo. Nduna yaikulu ikukana chifukwa chisankho chili pafupi, ikusindikiza ndalama, kenako ikuchotsa Makinde ndi anzake n'kuwatcha oukira, ophunzira mopitirira muyezo amene aiwala chikhalidwe. Nanga, yemwe panthawiyo anali phungu wamba, akukuwa kwambiri kuposa onse m'nyumba ya malamulo, ndipo mphoto yake ndi mpando wa unduna. Amene anakula akumva za September 1964, pamene Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, Henry Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani n'kutula pansi maudindo, amawerenga masamba amenewo mtima uli m'mwamba. Achebe sankalemba za Malawi, ndipo dziko la m'bukumo sanalipatse n'komwe dzina. Koma nyimbo yake tinaimva kuno.

Titamaliza buku, m'pamene ndinalemba pa bolodi: 15 Januwale 1966. Ndinawafotokozera kuti Achebe mwini wake anasimba kuti mnzake, mlakatuli J.P. Clark, atawerenga bukuli lisanafike m'masitolo anamutcha mneneri, nati zonse za m'bukumo zachitika kale kupatula kulanda boma kokha. Sipanapite nthawi, mfuti zinalira. Achinyamata anga anagwirizana ndi Clark nthawi yomweyo. Wina mpaka anati mwina munthuyo anali ndi mankhwala.

Apa m'pamene ntchito ya gulu imayambira. Tinatenga pepala lalikulu n'kulidula pakati ndi mzere. Kumanzere tinalemba zimene zinali zitachitika kale bukuli lisanatuluke, kumanja zimene zinabwera pambuyo. Kumanzereko kunadzaza mofulumira. Ku Togo asilikali anapha Pulezidenti Sylvanus Olympio mu Januwale 1963. Mu Januwale 1964 asilikali anagalukira ku Tanganyika, Uganda ndi Kenya. Ku Algeria, Ben Bella anagwetsedwa mu Juni 1965, ndipo ku Congo Mobutu anatenga dziko mu Novembala chaka chomwecho. Ku Nigeria kweniko kalembera wa 1962 ndi 1963 anadzetsa mkangano woopsa, pakuti chigawo chilichonse chinkafuna kuoneka chochuluka anthu kuti chipeze mipando yambiri. Chisankho cha Disembala 1964 zipani zina zinachinyanyala. Cha ku chigawo cha kumadzulo mu Okutobala 1965 chinaberedwa poyera, anthu n'kuyamba kuthira petulo nyumba ndi magalimoto a adani awo, nthawi zina ndi anthu omwe. Achebe panthawiyo anali mkulu wa nthambi youlutsa mawu kunja ku wailesi ya boma ku Lagos. Nkhani zonsezi zinkadutsa pamaso pake tsiku ndi tsiku.

Mlimi akaona mitambo yakuda itaunjikana paphiri, mphepo yasintha, nyerere zikukoka mazira, n'kunena kuti ananu anulani chimanga, sitimutcha mneneri. Timangoti munthuyu amayang'ana. Kwa ine ulemu wa Achebe uli pamenepo, ndipo ndi ulemu waukulu kuposa wa mneneri, chifukwa kuyang'ana kotere munthu angathe kukuphunzira.

Koma kumbali yakumanja kwa pepala n'kumene tinakhalitsa, chifukwa kumeneko buku ndi mbiri zinasiyana njira.

M'bukumo kulanda boma n'kopanda magazi ambiri. Chisankho chatha, zigawenga zimene andale ankazilipira zasowa ntchito n'kuyamba kusokoneza m'misika, asilikali akulowererapo n'kutsekera nduna zonse. Nanga akugwidwa akuthawa pa bwato atavala ngati msodzi, ndipo owerenga amaseka. Za ku Nigeria sizinali zoseketsa. Usiku wa pa 15 Januwale uja anaphedwa nduna yaikulu Abubakar Tafawa Balewa, mtsogoleri wa chigawo cha kumpoto Ahmadu Bello, wa chigawo cha kumadzulo Samuel Akintola, nduna ya zachuma Festus Okotie-Eboh, pamodzi ndi akuluakulu angapo a asilikali, ambiri a iwo ochokera kumpoto. Mmodzi mwa otsogolera chiwembucho, Major Chukwuma Kaduna Nzeogwu, analankhula pa wailesi ku Kaduna kudzudzula akatangale ofuna 10 peresenti pa ntchito iliyonse ya boma, mawu amene Odili akanawaombera m'manja. Koma anyamata amene anakonza chiwembuwo sanatenge dziko. Linagwera m'manja mwa mkulu wa asilikali, General Johnson Aguiyi-Ironsi.

Masiku oyamba anthu ambiri kumwera anasangalala, monga mmene bukuli limanenera. Kenako anthu anayamba kuwerenga mitembo ndi kufunsa mitundu. Ambiri mwa okonza chiwembu anali Aigbo. Ironsi anali Mwigbo. Mtsogoleri wa chigawo cha kum'mawa, kwawo kwa Aigbo, sanakhudzidwe, ndipo Pulezidenti Nnamdi Azikiwe anali kunja kwa dziko. Kumpoto anati ichi si chiwembu chothetsa katangale, n'chiwembu cha mtundu umodzi. Mu Meyi Ironsi atalamula kuti ulamuliro wa zigawo uthe, dziko lonse liziyendetsedwa kuchokera pakati, moto unabuka. Pa 29 Julayi asilikali a kumpoto anabwezera, Ironsi anaphedwa ku Ibadan, ndipo Yakubu Gowon anakhala mtsogoleri. M'miyezi yotsatira Aigbo masauzande ambiri anaphedwa m'matauni a kumpoto, otsala n'kuthawira kum'mawa ndi katundu wapamutu. Pa 30 Meyi 1967 Odumegwu Ojukwu, msilikali amene ankalamulira kum'mawa, analengeza kuti chigawocho chadzipatula n'kukhala dziko la Biafra. Nkhondo inayamba mu Julayi n'kutha mu Januwale 1970, ndipo ambiri owerengera amati inatenga anthu oposa 1 miliyoni, ochuluka a iwo ana ofa ndi njala. Mwa mayiko ochepa amene anavomereza Biafra ngati dziko munali aneba athu, Tanzania ndi Zambia.

Zonsezi m'bukumo mulibe. Nkhani ya mitundu imangotulukira pang'ono, pamene Nanga akunyengerera Odili kuti abwere kumzinda adzalowe ntchito m'boma, kuti maudindo onse asathere kwa anthu a mitundu ina. Mnyamata wina wa m'gulu lathu ndi amene anabwerera kukapeza chiganizo chimenecho, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mbewu yake ndi iyi, koma mwini buku sanadziwe kuti imera mtengo wotani." Ndinamuuza alembe zimenezo pa pepala lathu ndi dzanja lake.

Ndipo ulosi umene anthu amautama lero unatsala pang'ono kumudyetsa Achebe. Chifukwa bukuli linatha ndi kulanda boma, ndipo iye anali Mwigbo, ena anaganiza kuti ankadziwa za chiwembucho. Asilikali anapita kukamufuna kuntchito kwake. Anabisala, anatumiza mkazi wake ndi ana kum'mawa pa boti, kenako naye anatsatira. Pa nkhondo anayenda m'mayiko kulankhulira Biafra. Mnzake wapamtima, mlakatuli Christopher Okigbo, anafera kunkhondo mu 1967.

Kuti achinyamata amve izi kuchokera kwa mwini nkhani, ndinapempha bambo wina wa ku Nigeria amene amagulitsa zipangizo za galimoto m'tauni mwathu kuti adzacheze nafe. Ndi Mwigbo, anabadwa nkhondo itatha, Chichewa amachilankhula bwino ndithu. Bukuli analiwerenga kusukulu kwawo. Atafunsidwa ngati Achebe anali mneneri, anangogwedeza mutu, nati kwawo funso limenelo salifunsa. Anasimba za bambo ake, amene nkhondo isanayambe anali ndi sitolo kumpoto ndiponso ndalama kubanki. Nkhondo itatha, boma linalamula kuti anthu a ku Biafra apatsidwe mapaundi 20 okha basi, kaya munthu anasunga zingati. "Achimwene," anatero akuyang'ana ine, "bambo anga anayambira pa 20 imeneyo, ndipo mpaka kumwalira ndalama ankasunga m'chitini." Anati mayi ake sankalola mwana kusiya chakudya m'mbale, ndipo ukasiya sankakalipa, ankangotuluka panja. Analankhula zimenezi akupukuta magalasi ake ndi m'mphepete mwa malaya, mobwerezabwereza, ngakhale anali oyera kale.

Ngati mungaitane mlendo wotere, mufotokozereni bwino pasadakhale zimene mukuwerenga, ndipo achinyamata muwachenjeze kuti si nthawi yofunsa ngati ali kukhoti. Komanso muwakumbutse kuti amva mbali imodzi. Mwana wa msilikali wa kumpoto amene anaphedwa usiku wa Januwale uja akanasimba zina, ndipo nazonso zikanakhala zoona.

Funso limene linatigawa pakati linali lakuti: kodi Achebe ankaona asilikali ngati apulumutsi? Ena anati inde, si uyo Nanga wamangidwa, Max, mnzake wa Odili amene anaphedwa tsiku la chisankho, walengezedwa kukhala ngwazi, ndipo bwenzi la Max, Eunice, watulutsidwa m'ndende. Ine ndinawabweza ku masamba omaliza kuti awerengenso mofatsa. Odili akukana poyera kuti anthu ndi amene anagwetsa boma. Akuti anthuwo anali atazolowera, ankati asiyeni adye, mwina mawa mwana wathu adzadya nawo. Boma litagwa, omwe aja ankavina pamisonkhano ya Nanga m'mawa mwake akuti tinkadziwa kale kuti ndi mbava. M'bukumo muli wasitolo wina, Josiah, amene anabera munthu wosaona ndodo yake kuti akapangire mankhwala a bizinesi, ndipo mudzi wonse unamunyanyala mpaka sitolo inatsekedwa. Mudzi uli ndi eni ake, umatha kulanga. Odili akuona kuti chuma cha dziko chilibe mwini amene angaime n'kunena kuti waba zanga. Wolemba zimenezi sakanakhulupirira kuti yunifolomu yokha isintha zinthu.

Ndipo pali kanthu kena kamene achinyamata anga sanakaone mpaka mtsikana wa mapolo uja atakaloza. Odili, amene buku lonse wakhala akunyoza akuba, kumapeto akufuna kukwatira Edna, mtsikana amene Nanga ankamulipirira sukulu kuti adzakhale mkazi wake wachiwiri. Kuti abweze zimene Nanga anawononga, akuganiza zobwerekako ndalama za chipani chimene anali nacho ndi Max zimene zinatsala m'manja mwake, poti palibe amene azifune msanga. Max nayenso anali atalandira ndalama kwa nduna ina, nati azigwiritsa ntchito polimbana ndi nduna yomweyo. Ngati m'bukumu muli kulosera, ine ndimakupeza apa, osati pa kulanda boma. Amene anabwera kudzakonza Nigeria anadya kuposa amene anawachotsa. Asilikali analamulira kuyambira 1966 mpaka 1979, anabweranso tsiku lomaliza la 1983 n'kukhala mpaka 1999. Ibrahim Babangida anafafaniza chisankho cha pa 12 Juni 1993 chimene Moshood Abiola ankaoneka kuti wapambana. Sani Abacha anapachika mlembi Ken Saro-Wiwa mu 1995, ndipo ndalama zimene anabisa kunja mayiko ngati Switzerland akhala akuzibweza kwa zaka zambiri iye atamwalira. Mabasi a Nanga ndi masewera a ana tikawayerekeza ndi zimenezo.

Mkati mwa mkanganowu mnyamata wina, wokwiya ndi ulova, anati ngakhale zili choncho kuno kwathu asilikali atangotenga dziko mwina zinthu zingawongoke. Mawu otere musawazimitse, chifukwa ambiri amawalankhula m'maminibasi. Ndinangomupempha awerenge mokweza mbali yakumanja ya pepala lathu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako tinakumbutsana za kwathu. Mu Disembala 1993 asilikali a Malawi analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, mphamvu zonse zili m'manja mwawo, koma anabwerera kumabalaki, ndipo tinavota mu Meyi 1994. Mu Epulo 2012 Bingu wa Mutharika atamwalira, anaima ndi malamulo, Joyce Banda n'kulumbiritsidwa. Pa 3 February 2020 amene anafafaniza chisankho anali majaji, ndipo tinavotanso pa 23 Juni. A Nanga tili nawo, amapolo ndi amapaipi, koma mathero a buku lija sanatifikire. Mnyamatayo sanagonje. Anati kubwerera kumabalaki sikunamupatse ntchito, ndipo pamenepo ndinalibe chomutsutsa.

Kwa amene mukufuna kuyesa njira imeneyi ndi buku lina lililonse lonena za tsogolo la ndale, chimene chimathandiza kwambiri ndi kudziwa chaka chimene linatuluka ndi zimene zinkachitika zaka ziwiri kapena zitatu m'mbuyo mwake. Mupeza kuti zambiri zimene zimaoneka ngati ulosi zinali kale m'nyuzipepala. Zikatero funsani gulu kuti ndi chiyani chachikulu chimene chinachitika pambuyo koma mlembi sanachitchule, ndipo chifukwa chiyani. Jambulaninso mapu, ngakhale okhotakhota. Achinyamata anga sanamvetse za Nigeria mpaka nditajambula mitsinje ya Niger ndi Benue ikukumana, kumpoto Ahausa ndi Afulani, kumadzulo Ayoruba, kum'mawa Aigbo, mafuta ali kumunsi kunyanja. Atangoona pamene pali mafuta, funso loti n'chifukwa chiyani Gowon sanalole Biafra kuchoka analiyankha okha.

Achebe sanatulutsenso buku lina lalitali la nthano kwa zaka 21. Limene linabwera mu 1987, Anthills of the Savannah, likunena za dziko lolamulidwa ndi msilikali amene anayamba ndi malonjezo abwino n'kumaliza akudya anzake a kusukulu. Ndi limene tikuwerenga tsopano, ndipo pepala lathu lasintha: zambiri zimene zinali kumanja tazisamutsira kumanzere, pakuti pofika 1987 zinali zitachitika kale. Kumanja tayambira pa Abacha, ndipo mtsikana wa mapolo uja wapempha kuti tiwonjezere Mali, Burkina Faso ndi Niger, kumene asilikali alanda maboma kuyambira 2020, makamu n'kuwalandira m'misewu ndi nyimbo.